Chilimwe Chimene Tinkaphika Nsapato

Utsi wa nsapato yopserera suiwalika. Ndi wakuda bii, wolemera, sukwera msanga ngati utsi wa nkhuni, koma umayamba wazungulirazungulira pansi, n'kulowa m'tsitsi, m'zovala ndi kukhosi, moti ngakhale utasamba ndi sopo umaumvabe pomeza malovu. Ndikakumbukira chilimwe chimenecho, choyamba kufika m'mutu mwanga ndi utsi umenewu ukutuluka kuseri kwa nkhokwe yathu, dzuwa litapendeka koma likuotchabe, nyenje zikulira m'misuku osapuma, nkhuku zitathawira kutali kukamwa kuli yasa. Pakati pa utsiwo pali bambo anga atanyonyomala, maso ali psuu, akutakasa ndi kamtengo m'chitini chimene achipanira pakati pa miyala. Akutakasa ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linatsala ndi zala ziwiri zokha. Pambali pawo pali ine, mtsikana wa mu Sitandade 5, dzanja limodzi nditagwira mphuno, linalo lili dothi lokhalokha mpaka m'chigongono.

Tinkakhala kwawo kwa amayi, m'mudzi wina kumunsi kwa Malomo, kumene mapiri a Ntchisi amayamba kutsetsereka kulowera ku Bua. Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Bowe, m'boma la Dowa. Ndili wamng'ono sindinkawadziwa bwino, poti ankakhalitsa ku migodi ya ku Joni n'kumangobwera mwa apo ndi apo ndi bulangeti latsopano ndi fungo la sopo wachilendo. Ulendo womaliza anabwereratu. Mwala unawagwera padzanja ali pansi pa nthaka, n'kudula chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo pasanapite nthawi boma nalo linatseka njira ya ku migodi, moti ngakhale akanakhala ndi zala zonse, kobwerera kunalibe. Abale a amayi ankayembekeza njinga, wailesi, mwinanso makina osokera. Sutikesi itatsegulidwa munapezeka zovala, jekete lolemera losavalika kwathu kuno, ndi kachitini kophwatalala. M'kachitinimo munali chinthu chimene chinaseketsa mudzi wonse: nyongolotsi yaitali kuposa chikhatho, yofiirira ngati nthudza, yofewa ngati yamoyo, koma ya pulasitiki. Bambo anati anaitola m'mbali mwa damu lina pafupi ndi mgodi, kumene azungu ankakawedza Lasabata. Ana tinkaponyerana nayo n'kumakuwa. Akuluakulu ankangopukusa mitu n'kumati anzawo akubwera ndi njinga, a Mwale abwera ndi nyongolotsi.

Mwini mbumba pakati pathu anali amalume a Yelemiya, mlongo wawo wa amayi. Ndinene poyera kuti sanali munthu woipa mtima. Anali wanthabwala, wakhama, mkulu wa mpingo, ndipo mwana aliyense wa pamudzipo akadwala, ngolo yawo ndiyo inkamutengera kuchipatala. Koma moyo wawo wonse unali pa fodya wa chikopa, ndipo munthu ankamuyeza ndi mizere imene walima. Chilimwe chikafika, banja lonse linkatsikira kudambo kukathirira nazale, m'mawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa litapepa mphamvu. Akamwini ndi ife ana a alongo awo tinkandondozana kuchokera pachitsime ndi makeni odzaza, mapazi akuterera m'matope akuda onunkha ndowe ndi mizu yowola. Bambo anayesa. Keni inkawapulumuka n'kugwera pa mbande, khasu linkazungulira m'manja n'kuwatema pamwendo. Amalume ankati, "Pumulani alamu, mungatithere makeni," onse n'kuseka, bambonso n'kuseka nawo. Potsiriza anawapatsa ntchito yolondera nazaleyo masana, anthu akakwera kumudzi kukapuma, kuti ziweto zisalowemo. Inali ntchito ya tianyamata tosavala malaya. Bambo anailandira. Mayi wina wachikulire woyandikana nafe, powaona akutsika ndi kandodo kawo, ankang'ung'udza kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Kumunsi pang'ono kwa nazaleyo kunali maiwe a kamtsinje kathu kamene kamakathira mu Bua. Kumtunda kwake, kutali ndithu, kunali esiteti ya fodya yokhala ndi damu, ndipo mzungu wina amene ankayang'anira kale kumeneko anaikamo nsomba zachilendo, zobiriwira pamsana, zakukamwa kwakukulu ngati chikho. Chaka china damulo linasefukira, nsombazo n'kutsikira m'maiwe mwathu. Anthu ankangozitcha nsomba za bwana. Tinkaziona zitaima phee pansi pa mizu ya mikuyu, zonenepa, zodzikuza. M'mono sizinkalowa, ndipo nyambo wamba zinkangoiyang'ana n'kuidutsa. Nyongolotsi zenizeni m'chilimwe zimathawira pansi penipeni, ndipo malo okha onyowa anali a nazale, pomwe mwana wokumba akanalawa mkwapulo. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawapititsira bambo chakudya kudambo, ndipo ndinawapeza ali ndi nsungwi yaitali, chingwe cha nayiloni ndi mbedza imene ankalephera kumanga. Anandifotokozera mfundo yake, ine n'kumanga, n'kubisa mbedzayo m'thupi la nyongolotsi ya ku Joni ija. Anaiponya pafupi ndi mizu, n'kuisiya imire, kenaka n'kumaikoka pang'onopang'ono, akuigwedeza ngati kanthu kovulala. Madzi anaphulika. Nsomba imene anaitulutsa inali yotalika ngati mkono wanga, koma bambo sanaiyang'ane kwambiri. Ankayang'ana nyongolotsiyo, imene inali itang'ambika pakati, mchira ukulendewera. Anainunkhiza, naipereka kwa ine kuti ndinunkhize nanenso. "Ukumva?" anatero. "Izi ndi nsapato za amayi ako za kutchalitchi basi."

Sitinayambe ndi nsapato, poti za amayi zinali zokhazo. Tinayamba ndi chubu chakale cha njinga, chimene chinakana kusungunuka n'kungoyaka. Mbale ya pulasitiki yosweka inasungunuka bwino, koma itazizira inauma gwa ngati fupa. Mapepala a shuga anangofota n'kusanduka kanthu kakuda kosadziwika mutu wake. Pomalizira pake tinabwerera pa mawu oyamba aja: nsapato za pulasitiki zofewa zimene amayi ndi atsikana ankavala popita kutchalitchi, zija zinkatentha mapazi padzuwa n'kuduka lamba chaka chisanathe. Kuzifunafuna inali ntchito yanga. Tsiku la msika ndinkapita pa Malomo, ndipo chifukwa pachipata pankaima anyamata achipani ofunsa makadi, ine ndinkazungulira kuseri kwa magolosale, kudzala, kumene kunalibe wofunsa kanthu. Ndinkafukula ndi kamtengo pakati pa makoko a nzimbe ndi phulusa, n'kubwerera ndi nsapato zosagwirizana, yamanzere yakuda, yamanja yofiira, ina ya kamwana yooneka ngati galasi. Anzanga amene tinkasewera nawo phada ndi fulaye anayamba kundiitana kuti mwana wa ophika nsapato. Poyamba ndinkalira, kenaka ndinangosiya kupita kumasewerako. Sindinganene kuti ndinkachita izi chifukwa chowamvera chisoni bambo. Chimene ndinkafuna chinali kuonanso madzi aja akuphulika.

Kusungunula kunali mbali imodzi ya ntchito, panafunikanso chikombole. Bambo anali ataona ku mgodi amisiri akuthira chitsulo chamoto m'zikombole, ndipo m'mutu mwawo zonse zinali zomveka: zidutswa ziwiri zadothi zophatikizana bwino, nyongolotsi itadindidwa theka uku, theka uko. Koma kudinda kumafuna zala, ndiye zala zinali zanga. Vuto linali dothi. Amayi anali woumba wodziwika. Mitsuko ndi miphika yawo inkafika mpaka ku boma la Ntchisi, ndipo dothi lawo ankakalitapa okha kumtapo, kumene mwamuna sankaloledwa kupondako, n'kulisunga pakona pa khonde atalikulunga m'masamba a nthochi. Bambo sanayerekeze kupempha. Nditapempha ine, amayi anayankha osatembenuka kuti dothi lawo silinali la zidole. Choncho tinkaumba ndi dothi la pachulu, limene linkang'aluka likangouma, lina n'kuphulika pulasitiki yamoto ikaligwera. Nayo pulasitikiyo inkapserera pamoto, n'kutuluka yakuda, yamabowo, yothetheka ngati makala, moti nyongolotsi zathu zoyamba ngakhale nkhuku sizinkazijompha. Ndi masiku amenewo pamene utsi uja unakuta mudzi. Amayi ena ankaanula zovala zawo akutukwana chapansipansi, ndipo amalume podutsa ndi ngolo ankafuula kuti, "Alamu, ndiwo za lero ndi nsapato yamanzere kapena yamanja?"

Amayi ankaonerera zonsezi ali pakhonde, akuswa mtedza wa mbewu kapena akupeta, nkhope ili duu. Pakati pa iwo ndi bambo panalibe mkangano umene ine ndinaumva, koma panalibenso macheza. Ankalankhulana ngati anthu okumana pachigayo. Ndiye madzulo ena, chitini chitayakanso moto bambo akuchizimitsa ndi dothi, ndinamva amayi akulankhula maso ali m'lichero. "A Mwale, mtedza mukauika pa lawi umapsa kunja, m'kati muli mwauwisi. Thirani mchenga m'phale, chitinicho muchikwirire mumchengamo." Bambo anati, "Zikomo, Naphiri," ngati akuthokoza mlendo. M'mawa mwake amayi anaponya mpukutu wa masamba a nthochi patsogolo panga, osati patsogolo pa bambo, n'kunena kuti ngati ndinalidi mwana wawo ndisawachititse manyazi ndi zoumba zong'aluka. Anandisonyeza kusinja mapale akale n'kusakaniza ndi dothilo, kulikanda mpaka lisiye kumata m'manja, kusalaza m'kati mwa chikombole ndi nkhulungo yaing'ono mpaka munyezimire, ndi kuumika pamthunzi osati padzuwa. Anandiuzanso kuti dothi likapsa limabwerera, choncho chilichonse ndiziumba chokulirapo. Tsiku lootcha mbiya, zikombole zanga anaziika m'kati mwa mphika waukulu n'kuvundikira kuti amayi anzawo asaone, ndipo zinapsa limodzi ndi mitsuko pansi pa mulu wa makungwa ndi udzu. Zinatuluka zofiira, zolira ngwee ukazigogoda ndi chikhadabo.

Kuyambira pamenepo ntchito inakhala ndi dongosolo lake, ndipo mpaka lero manja anga akulikumbukira. Nsapato tinkayamba taitsuka ndi mchenga, n'kuiduladula tizidutswa tating'ono ngati nyemba. Chitini chinkakhala mumchenga wotentha, bambo akutakasa mosalekeza, akudonthezamo mafuta a nsatsi amene amayi ankayenga, poti tinapeza kuti ndiwo ankafewetsa. Tizidutswato tinkayamba tatupa, kenaka n'kugwirana, n'kusanduka phala lolimba lonyezimira, ndipo mpata wolichotsa unali wochepa kwambiri. Ukangochedwa linkayamba kufuka. Ine ndinkakhala nditadzoza kale chikombole ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'mafuta omwewo. Bambo ankakolowola phalalo n'kuliyala m'ngalande ya chidutswa chapansi, ine n'kuvundikira chapamwamba msangamsanga, timitu tiwiri ta m'mbali tikulowa m'maenje mwake kuti zisasemphane, n'kutsindika ndi mwala. Phala likakudonthera pachala linkamatirira n'kumapitiriza kuotcha, ndipo tizipsera take ndili nato. Tikatsindika tinkadikira, bambo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndipo akaimaliza tinkamiza chikombolecho m'madzi n'kuchitsegula. Yoyamba kutuluka bwino inali yakuda, yosalala, ndi timizere tonse ta nyongolotsi ya ku Joni ija. Ndinadula zotsalira za m'mbali ndi lezala, n'kuigwira kumutu, mchira wake n'kumanjenjemera wokha. Bambo anaitenga n'kupita nayo pakhonde, naiika mwakachetechete pamwamba pa mtedza m'lichero la amayi. Amayi anadzidzimuka n'kutaya licherolo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni bambo, ndinamva amayiwo akuseka mokweza, akuwanena bambo kuti munthu wamkulu wopanda nzeru.

Nyongolotsi zitatikwana ndinayamba kuumba zanga. Ndinapanga mbululu ya mutu waukulu ndi mchira wopyapyala ngati tsamba, ndipo inaposa nyongolotsi pokopa nsomba. Chule anandikanika, miyendo yake inkatsalira m'chikombole nthawi zonse. M'phala la nsapato yooneka ngati galasi ija tinawazamo mchenga wonyezimira wa mumtsinje, n'kutuluka kansomba kothwanima ngati matemba. Bambo anayamba kundiitana kuti amisiri, ndipo asanasinthe kanthu ankayamba afunsa kuti, "Amisiri, mukuona bwanji?" Nsomba za bwana zinayamba kulowa m'nyumba mwathu, ngakhale milamba nthawi zina inkanyengeka. Lasabata lokha nsungwi inkatsamira pankhokwe, poti bambo sankafuna kupatsa anthu chifukwa china chowanenera. Imeneyo inali miyezi imene ndiwo zimasowa, anthu akudya mfutso wonunkha utsi, ndipo fungo la nsomba yowamba linkaitana alendo amene anali asanapondepo pakhomo pathu. Gawo loyamba nthawi zonse linkapita kwa amalume. Ndinkapititsa ndine m'mbale yovundikira, ndipo ankalandira ndi manja awiri n'kutumiza mawu othokoza. Amuna amene ankaseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, kuyamba ndi nkhani za mvula, n'kumalizira pa kupempha kanyongolotsi kamodzi. Bambo sankakaniza munthu. Mumtima mwanga ndinkati nkhani yatha, bambo apeza khasu lawo. Ndinali mwana, sindinkadziwa kuti kwa mlimi wa fodya nsomba ndi ndiwo chabe, zodya lero n'kuiwala mawa.

Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri, mvula ya chizimalupsa inagwa n'kusiya fungo la fumbi lonyowa, ndipo mbande za panazale zinafika msinkhu woti n'kuoka. M'dziwe lapafupi, pomwe munthu ataimirira ankatha kuona mpanda wa nazale, nsomba zinali zitachenjera. Masana ena otentha, kumwamba kukugunda chapatali, bambo anati titsikire ku dziwe lakumunsi, kuseri kwa bango, tikayese mbululu yofiira imene tinali titangoitulutsa kumene, ndipo tibwerera msanga. Nsomba tsiku limenelo zinachita ngati zapenga. Mbululu inkati ikangogwa, yalandiridwa. Ine ndinkachotsa nsomba, kukonza nyambo, kumanganso mbedza chingwe chikaduka, bambo thukuta lili kamukamu akuseka ngati mnyamata. Nthawi yomweyo ng'ombe za mudzi wa kutsidya, zitamva fungo la madzi, zinathyola mpanda waudzu n'kudutsa pakati pa nazale kupita kuchitsime, n'kubwereranso momwemo. Titakwera ndi nsomba zathu zotungidwa pa luzi, tinapeza amalume ataima pakati pa matope opondedwapondedwa. Sanakalipe. Ankawerama n'kutola mbande imodziimodzi, kuiyang'ana, n'kuiponya pansi. Anatiyang'ana ife, anayang'ana nsombazo, kenaka anatembenuka n'kumapita kumudzi. Pa ntchito yonse imene banja linagwira chilimwe chimenecho, panatsala mabedi a mbande ochepa a m'mphepete.

Anakumana masana ena pansi pa mtengo wa mango wa kwa amalume: amalumewo, amayi, bambo, ndi ankhoswe a bambo, mkulu wina amene anachita kuitanitsidwa ku Bowe. Ine ndinali nditabereka mlongo wanga wakhanda, ndikuyendayenda pafupi, ndipo palibe anandithamangitsa. Amalume analankhula mofatsa. Sanatchule mawu oti kusudzula, poti ukwatiwo unali wodalitsidwa kutchalitchi ndipo iwo anali mkulu wa mpingo. Anati, "Alamu, takhala tikukuvutitsani ndi ntchito pamene muli wodwala. Kulakwa n'kwathu. Mukapumeko kaye kwanu mpaka dzanjalo litapola." Dzanjalo linali litapola kalekale, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa kuti zala siziphukira ngati chitsa. Ankhoswe a ku Bowe anayesa kunena zopepesa ndi mbuzi, koma bambo anakweza dzanja lomwelo kuti aleke. "Ndamva, alamu," anatero. "Nazale ndinaisiya ndine. Palibe wandinamizira." Onse anayang'ana amayi. Amayi ankathothola ulusi m'mphepete mwa chitenje chawo.

Bambo ananyamuka m'mawa ndi sutikesi yawo, zikombole atazikulunga m'zovala kuti zisasweke. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo chimene ndinafunsa sichinali choti adzabwera liti, koma choti mbedza aziwamangira ndani. Anati Bua wa ku Bowe ndi yemweyu, ndipo mfundo adzaphunzira kumanga ndi mano. Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Amalume anapemphetsa mbande kwa anzawo n'kuoka theka la munda. Amayi ankadzala, kupalira, kubandira, ndipo dzina la bambo silinkatchulidwa pakhomo. Chimanga chitayamba kuuma, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi pakati pa mlungu, nandiuza kuti ndiwatsate kwa amalume. Anakhala pansi, napereka moni, n'kunena kuti akupita ku chitengwa, kukakhala kwawo kwa mwamuna. Amalume anaseka poyamba, kenaka ataona nkhope ya mlongo wawo anasiya. Anawakumbutsa za munda, za mtapo, za manda a amayi awo, n'kuti chibale ndi fupa sichiwola. Amayi anati, "Achimwene, munati akapume. Apuma. Tsopano ndikukaona ngati dzanja lija lapola." Amalume anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Kenaka anati, "Pita, mlongo wanga. Wakhandayo tenga, akuyamwa. Koma mtsikanayu atsala. Nthaka ino mawa ndi yake, sindingaisiyire mphepo." Amayi anandiyang'ana kamodzi, n'kuvomera.

Ndinatsala. Amalume anandisunga ngati mwana wobereka okha. Sanandimenyepo, sanatchulepo za nazale, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti ndipitirize sukulu pamene anzanga ankakwatiwa. Koma miyezi yoyamba ndinkadzuka ndi nkhawa imodzi yokha, yoti bambo ali ku Bowe ndi zikombole zopanda wozidzoza ndi mbedza zopanda womanga. Ndinkatolabe nsapato n'kumazibisa kudenga la khola. Tchuthi chachikulu chitafika amalume anandikweza lole yopita ku Madisi, thumba langa la nsapato lili pamiyendo, ndipo kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi ndikufunsa njira. Pakhomo ndinapeza azakhali amene sindinkawadziwa, ndipo anandiuza kuti onse ali kumtsinje. Ndinawaona ndili patali. Bambo anaima m'mphepete mwa madzi ndi nsungwi yawo, mlongo wanga akusewera pamchenga. Amayi anakhala pamwala atatambalala, chingwe cha nayiloni chili kumano, akumanga mbedza msanga kuposa mmene ine ndinkamangira, ndipo pachitenje pawo panali tiachule ta pulasitiki ta miyendo yonse inayi. Anandilandira ndi chimwemwe chenicheni, anandifunsa za sukulu ndi za amalume, bambo ananditchula amisiri. Kenaka nsomba inadya, onse awiri anatembenukira kumadzi akulangizana mokuwa, ndipo ine ndinakhala pamchenga manja ali pamaondo, opanda chogwira.

Pamudzi pa amayi ndikukhalapo mpaka lero, monga amalume ananenera. Maiwe aja anakwiririka ndi mchenga, mikuyu inadulidwa, ndipo nsomba za bwana ana a masiku ano sazidziwa. Akamwini alipobe, koma ambiri amakamanga pamalo ogula okha, ndipo ndi ochepa amene angauze mwamuna wa mlongo wawo kuti akapume. Anthu akandifunsa ngati amalume analakwa, ndimati mbande zinapondedwadi. Akandifunsa ngati amayi analakwa kundisiya, ndimati akanakana sakanapita. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti chilimwe chija ndine ndinkachirikiza bambo kuti asagwe, ndipo tsiku lija pamchenga wa Bua ndinamva kuwawa kwa munthu wochotsedwa ntchito popanda mlandu. Ndinachita kukula, kukwatiwa ndi kubereka anga kuti ndizindikire kuti mwana amene makolo ake sakumufunanso pakati pawo kuti amvane, ameneyo ndiye wamwayi. Pa nthawiyo zimenezi sindinkazidziwa. Ndinangouza amayi kuti mbuzi za amalume zilibe woziyang'anira, ndipo ndinabwerera ku Malomo tchuthi chisanathe.